Mazira a Thovu pa Masuku a ku Chifunde

Kwathu ku Chifunde dzira saliika m'gulu la zakudya. Dzira ndi nkhuku ya mawa, ndipo nkhuku ndiyo sopo, ndiyo makope a mwana wa sukulu, ndiyo ndalama yokwerera galimoto munthu akadwala, ndiyonso ulemu wa pakhomo apongozi akatulukira osatumiza mawu. Thadzi lachikuda limaikira mazira 10 kapena 15 basi, kenako limaleka n'kuyamba kufungatira kwa masiku 21. Likaswa limayenda ndi anapiye ake miyezi iwiri kapena kuposerapo lisanakumbukenso zoikira, moti pa chaka chathunthu limaikira maulendo atatu, likachita mwayi anayi. Mayi amene ali ndi mathadzi awiri amadziwa dzira lililonse pamene lagona. Ukatengapo limodzi, dzuwa lisanalowe funso lakupeza kale. Munthu wokulira m'tauni, wozolowera kugula mazira a nkhuku zachizungu pa thireyi, sangamvetse msanga kuti chakudya chophwanyira mazira koma chosakhala ndiwo, chosakhutitsa, chongotsekemera pakamwa, chingakhale bwanji nkhani yaikulu kwa mwana wa m'midzi ya ku Luia ndi ku Kapoche. Kwa ine ndi yaikulu, ndipo ndakhala ndikuisinkhasinkha kuyambira ndili mnyamata.

Tinakula ndi malamulo a mazira. Mwana akazolowera dzira adzakhala wakuba. Mwana akadya dzira adzagwa khunyu. Mayi woyembekezera akadya dzira adzabereka mwana wopanda tsitsi. Mawu amenewa ndinawamva kwathu, ndinawamvanso ku Katete ndi ku Mchinji, pakuti Achewa a mbali zitatu za malire ndife mbumba imodzi ya Kalonga Gawa Undi, ndipo chimene agogo a kuno amaopa ndi chomwecho agogo a uko amaopa. Agogowo sindiwanyoza. Ankadziwa kuti mwana akangolawa kukoma kwa dzira, khola silidzaonanso mwanapiye, ndiye njira yachidule yotetezera khola inali kumuopseza ndi chinthu chimene sangayerekeze kuchiyesa. Nzeru yake inalipo. Chimene chimandipweteka n'chakuti lamuloli linagwera anthu awiri amene thupi lawo limafuna dziralo koposa wina aliyense, mwana wamng'ono ndi mayi wapakati, pamene bambo wa pakhomo kapena mlendo ankatha kukazingiridwa mazira popanda wotsegula pakamwa.

Amene anathyola lamuloli pakhomo pathu anali amalume, alongo awo a mayi. Iwo anakhalapo khukhi m'nyumba ya Apwitikizi mumzinda wa Tete dziko lathu la Mozambique lisanalandire ufulu mu 1975, ndipo pambuyo pake anaphikirako ansembe pa mishoni ina. Nkhondo yapachiweniweni itatibalalitsa tinathawira ku Zambia, monga anachitira anthu ambiri a m'boma lathu. Pangano la mtendere litasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, tinayamba kubwerera pang'onopang'ono kudzera pa Cassacatiza. Tinapeza midzi itamera thengo. Mbuzi, nkhumba, nkhuku, zonse zinali zitatha psiti. Banja lililonse linayambiranso pa msoti umodzi kapena iwiri yobwera nayo m'dengu, ndiye tangoganizani kulemera kwa dzira m'zaka zimenezo. Nthawi yomweyo agogo anga aakazi anadwala malungo, ndipo atatsitsimuka anakana chakudya chilichonse. Nsima ankangoiyang'ana, phala ankalawa kamodzi n'kutembenukira kukhoma. Tsiku lina amalume anawerama m'khola natuluka ndi mazira atatu m'chipewa.

"Alongo, zoona atatu onsewo?" anatero mayi. "Nkhuku zitatutu mukuphazi."

"Mlongo wanga, nkhuku ukunenazo kabawi akuzidikirira kale m'mwambamu. Amayi ndi awa ali pamphasa. Tandipatsa shuga uja."

Agogo anadya tsiku limenelo, mbale yonse. Sindikunena kuti mazira ndiwo anawachiza, mankhwala a malungo anali atamwa kale. Koma mtima wofuna chakudya unabwerera kuyambira pamenepo, ndipo ine amene ndinapatsidwa ntchito yopemerera moto ndinaloledwa kunyambita supuni.

Amalume ankati chakudyachi anachiphunzira kawiri. Kwa Apwitikizi anaphunzira gemada, zachikasu za mazira zopukusidwa ndi shuga mpaka zitatuwa, zosaika pamoto, zimene amapatsa munthu wofooka kapena wa chimfine, nthawi zina atathiramo mkaka wotentha kapena vinyo wa Porto pang'ono. Apwitikizi ndi anthu okonda chachikasu cha dzira kwabasi. Zimanenedwa kuti m'nyumba za asisitere za ku Portugal choyera cha dzira ankaumitsira zovala posita, enanso ankayeretsera vinyo, ndiye zachikasu zinkangotsala. Shuga atachuluka kuchokera ku Madeira ndi ku Brazil, asisitere anayamba kuzisandutsa zotsekemera zamitundumitundu, ndipo ovos moles a ku Aveiro anachokera kumeneko. Boma la Portugal litatseka nyumba za amonke mu 1834, luso linatuluka kumpanda kukafuna ndalama kumsika. Pastéis de Belém anayamba kugulitsidwa ku Lisbon mu 1837, ndipo timakeke ta mtundu womwewo, ta kasitadi pakati, timapezeka lero m'malo ogulitsira buledi ku Maputo.

Kachiwiri anaphunzira kwa wansembe wina wa ku Italy, amene anawaonetsa kuti gemada yomweyo ukaithira vinyo n'kuipukusira pamwamba pa nthunzi imafufuma n'kusanduka chinthu china. Kwawoko amati zabaione. Anthu a ku Torino ndi chigawo chonse cha Piemonte amachinyadira kwambiri, ndipo vinyo wake wodziwika ndi Marsala wa pa chilumba cha Sicily. Afalansa amati sabayon, ndipo amakonda kuthira pa zipatso. Amalume ankangoti mazira a thovu.

Nditakula ndinazindikira chinthu chimene ndili mwana sindinachione. Bambo ameneyu anatha zaka zambiri akupukusa mazira a anthu ena, kunyamula mbale kupita nazo pa tebulo limene iye sankaloledwa kukhalapo, madzulo n'kukadya nsima yake kuseri kwa khitchini. Atabwera kumudzi ena ankamuseka kuti mwamuna wanji wodziwa miphika kuposa mkazi wake. Luso lake linalibe ntchito kwathu, pakuti kunalibe uvuni, kunalibe batala, kunalibe ufa wa tirigu. Pa zonse zimene manja ake ankadziwa, chimodzi chokha chimene chinatheka ndi zinthu za pakhomo pathu chinali ichi, ndipo munthu woyamba amene anamupangira anali mayi wake womubereka. Ndikakumbukira mmene anaperekera mbale ija atagwada, ndi manja awiri, sinditha kuchiona chakudyachi ngati cha eni ake akutali. Chinalowa m'mudzi mwathu kudzera m'thukuta la munthu wathu.

Kapangidwe kake sikafuna zida za kuhotela. Choyamba mazira akhale atsopano. Dzira limene thadzi lagonapo kale masiku angapo siliyenera. Amalume ankaliika m'kapu ya madzi: likamira n'kugona chammbali ndiye labwino, likaimirira kapena kuyandama ankalikana. Umaswa dzira pakati mosamala n'kumasamutsa chachikasu kuchoka m'chigoba china kupita m'chinzake mpaka choyera chonse chitatsikira m'mbale ina. Choyeracho sichitayidwa, chimakazingidwa ndi tomato n'kukhala ndiwo. Muyeso wake suvuta kukumbukira. Pa chachikasu chimodzi, supuni imodzi yaikulu ya shuga yosasefukira, ndi madzi a chipatso kapena vinyo odzaza theka la chigoba cha dzira lomwelo. Dzira likakhala laling'ono chigoba chakenso n'chaching'ono, ndiye muyeso umadzikonza wokha. Mazira atatu amakwanira anthu atatu, ngakhale anayi zipatso zikakhala zambiri.

Pa mbaula kapena pa mafuwa umatereka poto wa madzi ochepa, ofika zala zitatu kuchokera pansi. Madziwo asagaduke, angotulutsa nthunzi ndi timathovu m'mphepete. Pamwamba pake pamadzakhala bakuli lachitsulo lotseka bwino pakamwa pa poto, koma pansi pake posakhudza madzi. Usanalikhazike, umayamba wapukusa zachikasu ndi shuga lili pansi, mpaka chikasu chakupsa chija cha mazira akumudzi chitatuwa ndiponso shuga atasiya kulira pansi pa bakuli. Ukasiya shuga atangokhala pa zachikasu osapukusa, amazimwa madzi n'kusiya timibulu tolimba timene sitisungunukanso, ndiye shuga akangogwera, dzanja liyambe pomwepo. Chopukusira cha waya chimene amalume anachoka nacho ku Tete chinatayika pothawa nkhondo. Anasema china kuchokera ku kamtengo ka timphanda kunsonga, ndipo ankakazunguliza pakati pa zikhato. Mafoloko awiri ogwiridwa pamodzi amathanso, kungoti mkono umatopa msanga.

Ukathira madzi a chipatso n'kukhazika bakuli pa nthunzi, palibenso zoyankha moni wa wodutsa. Poyamba pamabwera thovu lalikululikulu, lamadzimadzi, loti ukaleka kupukusa limaphwa nthawi yomweyo. Apa ndi pamene ambiri amataya mtima n'kusonkhezera moto, ndipo ine ndikafuna kupemerera mwamphamvu amalume ankandigwira dzanja n'kuti, "Dekha mphwanga, kuona maso a nkhono n'kudekha." Pakapita mphindi 5 kapena 6 timathovu timachepa msinkhu mpaka diso silitiona, ndipo phokoso la chopukusira limasintha, limachoka pa khwakhwakhwa wa madzi n'kukhala lofewa, lolemera. Zinthu zimakwera m'bakuli mpaka kuwirikiza katatu. Ukakweza chopukusira zimatsika mosadukiza, n'kusiya mzere pamwamba umene umakhala kanthawi usanamire. Pamenepo zapsa. Zonse pamodzi sizipitirira mphindi 10 moto ukakhala wabwino.

Chimene chimachitika m'bakulimo n'chomveka. Chopukusira chimalowetsa mpweya, ndipo mapuloteni a m'chachikasu akamatenthedwa pang'onopang'ono amatambasuka n'kugwirana mozungulira kathovu kalikonse, kukatsekera kuti kasaphwe. Chachikasu chokha chimayamba kulimba pa madigiri 65 mpaka 70. Shuga ndi madzi aja amachichedwetsa pang'ono, n'chifukwa chake pamakhala mpata woti thovu lipangike. Koma kutentha kukadutsa madigiri 80, mapuloteni amamangana kwambiri, amafinyira madzi ndi mpweya kunja, ndipo m'bakuli mumatsala zibuluzibulu za mazira okazinga otsekemera. Danga lake ndi laling'ono chomwecho. Amalume analibe choyezera kutentha. Ankagwira mlomo wa bakuli ndi kansalu, ndipo akaona m'mbali mwayamba kuuma, kapena akamva kafungo ka dzira lokazinga, ankaliphula msanga, kupitiriza kupukusa lili pansi, kenako n'kulibwezeranso. Luso lonse lagona pa kuphula ndi kubwezera kumeneku, ndipo mayi aliyense amene amadziwa nthawi yosolola chikuni pansi pa mphika wa phala la mwana kuti lisapserere analidziwa kale. Kutenthetsako kuli ndi phindu linanso. Pa madigiri 70 ndi kuposerapo pang'ono tizilombo ta salmonella, timene nthawi zina timakhala m'mazira osaphika, timafa. N'chifukwa chake kwa wodwala kapena mayi woyembekezera ndimasankha ya pa nthunzi, osati gemada yosaika pamoto.

Za vinyo ndinene mosabisa. Marsala simungamupeze m'magolosale a kwathu, ndipo ngakhale akanapezeka, mphindi 10 za pa nthunzi sizichotsa mowa wonse, choncho si wa ana. Anzanga ena anandifunsapo ngati kachasu wa masawu angalowe m'malo mwake. Ayi ndithu. Ukali wake umapha kukoma kwa dzira, ndipo fungo lake limaphimba zipatso. Madzi a malalanje ofinya kumene ndi abwino, a manachesinso chimodzimodzi. Mandimu okha amawawasa mopyola, amafunika kuwasukulutsa ndi madzi theka ndi theka. Chimene ndimakonda ine ndi madzi a malambe. Umaviika malambe pang'ono m'madzi ofunda n'kusefa pa kansalu asanasanduke phala. Kuwawasa kwake kofatsa kumachepetsa mafuta a dzira pakamwa. Malambe ndi masawu n'za kumunsi kotentha, chaku Zambezi, ndipo zimakwera ndi amalonda mumsewu waukulu wochokera ku Tete.

Thovuli palokha limatopetsa ukadya masupuni angapo, limafuna chipatso. Ku Ulaya amalithira pa sitiroberi, mphesa ndi mapichesi. Ife kuyambira Novembala mpaka Januwale tili ndi zathu zosachita kugula. Mango aang'ono a ulusi amafunika kuwafinya n'kusefa, aakulu opanda ulusi umangodula timagawo. Papaya limafuna kudonthezera ndimu kuti lidzuke. Nthochi zimachulutsa kutsekemera, apa sindizikonda. Koma palibe chofika pa suku. Masuku otola pansi m'mamawa, kapena ovundika bwino mpaka atafewa, umawatsuka, kuwang'amba khungu ndi chala, kufinyira mnofu wake pa sefa n'kupatula nthangala. Ntchito yake ndi yodya nthawi, ndipo kadengu kodzaza kamatulutsa mnofu wochepa modabwitsa. Koma suku lili ndi kafungo ka uchi ndi kakhambi pang'ono kumapeto kwa lilime, ndipo kakhambi kameneko ndiko kamachititsa kuti ufune supuni ina m'malo motopa ndi shuga. Umaika mnofu wa masuku pansi pa kapu, kuthira thovu likadali lofunda, n'kupereka nthawi yomweyo. Mlendo wochedwa salipeza bwino, pakuti likakhalitsa madzi amayamba kutsikira pansi. Nyengo yomweyi ya masuku nkhanga zoweta zimayamba kuikira, poti izo zimadikira mvula, ndipo mazira ake a chigoba cholimba ali ndi chachikasu chambiri. Ndikawapeza ndimasiya a nkhuku.

Makolo polambula munda ankasiya msuku uli chiimire. Lero mitengo ya zigafa za fodya, makala ndi minda yatsopano zikudya nkhalango, ndipo ana a midzi ya m'mbali mwa msewu akuyenda mtunda wautali kuposa umene tinkayenda ife kuti adzaze kadengu. Fodya ndiye amabweretsa ndalama m'boma lathu, sindikana, koma msuku umatenga zaka usanayambe kubala, ndipo zipatso zake zimapsa m'miyezi yomwe nkhokwe zayamba kupepuka.

Pa Khirisimasi kapena pa ukwati, pakhomo pakakhala kandalama, anthu amagula kasitadi wa ufa wa m'paketi n'kumuphika ndi mkaka. Ana amamukonda, ndipo inenso ndamudyapo mokondwa. Koma ambiri sadziwa kuti mulibe dzira ngakhale limodzi. Anamuyambitsa ndi Alfred Bird, katswiri wa mankhwala wa ku Birmingham ku England, mu 1837, chifukwa thupi la mkazi wake linkadana ndi mazira. Ufawo ndi wosalala wa chimanga, wothira mtundu wachikasu ndi fungo. Kwa mkazi wa Bird chinali chithandizo chenicheni. Kwa ife nkhani ndi ina. Timagulitsa chimanga chathu motchipa pa nthawi yokolola, kenako n'kukagula cha eni chopakidwa mtundu pa mtengo wokwera, kuti chifanane ndi mazira amene ali kuseri kwa nyumba yathu yomwe. Ndipo ena mwa mazirawo adzasukuluka ndithu, chifukwa thadzi laling'ono silitha kufunditsa mazira 15 onse mofanana. A m'mphepete amazizira. Tsiku loswa timawerenga anapiye, otsalawo n'kukataya kudzala atanunkha. Dzira lija tinam'mana mwana silinakhale nkhuku.

Pali funso limene mlamu wanga anandifunsa, ndipo ndi lachilungamo: "Alamu, m'Januwale anthu akudya kamodzi pa tsiku, inu mukukamba za thovu la shuga?" Zoona, ichi si chakudya cha tsiku ndi tsiku, ndipo mwana wosakwana zaka 2 safunika shuga. Kwa iye dzira lingoswedwa m'phala likuwira, kapena liwiritsidwe n'kunyenyedwa. Sindikufunanso kukokomeza mphamvu ya dzira. Ku Ecuador, kafukufuku amene zotsatira zake zinatuluka mu 2017 anapeza kuti dzira limodzi pa tsiku linachepetsa kupinimbira kwa ana pafupifupi ndi theka. Koma atayesa zomwezo ku Mangochi m'dziko la Malawi mu 2018, m'ntchito yotchedwa Mazira Project imene inakhudza ana 660 a miyezi 6 mpaka 9, ana odya dzira tsiku ndi tsiku kwa miyezi 6 sanatalike kuposa anzawo. Chimodzi mwa zifukwa zimene ofufuzawo anatchula n'chakuti ana a m'mphepete mwa nyanja amadya kale nsomba pafupipafupi. Ife tilibe nyanja. Kapenta ndi nsomba za mchere za ku Cahora Bassa zimafuna ndalama, ndipo m'miyezi ya mvula ndalamayo kulibe. Mu Mozambique monse, kafukufuku wa zaumoyo wa 2022 mpaka 2023 anapeza kuti ana 37 mwa 100 aliwonse osakwana zaka 5 ndi opinimbira. Mwana wa kwathu ku Mualadzi amene ndiwo yake ndi chigwada ndi nkhwani mwezi wathunthu, dzira limodzi limamusinthira zambiri kuposa mnzake wodya usipa.

Nanga thovu likulowa pati pamenepa? Ine ndinaona kuti lamulo la mazira silithyoka ndi maphunziro a pansi pa mtengo okha. Amayi amamvetsera alangizi, amavomera ndi mutu, koma akabwerera kunyumba mazira amakhalabe m'chisa, pakuti amene amalamula za mwana pakhomo la Chichewa nthawi zambiri si mayi wachichepereyo, ndi agogo. Pakhomo pathu lamulo linathyoka chifukwa woyamba kudya anali mwini lamulo, ndipo anakomedwa. Ataona mdzukulu akunyambita supuni, mwezi n'kutha osagwa khunyu, iwo eni ndiwo anayamba kuuza mayi kuti azimuswera mlongo wanga wamng'ono dzira m'phala. Ndikukhulupirira kuti dzira lowiritsa loperekedwa ngati mankhwala silikanawafewetsa chomwecho.

Komabe mdani weniweni wa dzira si agogo, ndi chitopa. Mantha onse a mazira amachokera pa chinthu chimodzi. Mayi amadziwa kuti chilimwe chikafika matendawa akhoza kusesa khola lonse m'sabata imodzi, nkhuku zikungogwetsa mapiko, kupinda makosi, kutsegula m'mimba zobiriwira, ndiye ayenera kuswetsa anapiye ochuluka momwe angathere kuti mwina awiri apulumuke. Chitopa chilibe mankhwala ochiza, ndipo tsabola ndi phulusa zimene timathira m'madzi akumwa sizichiletsa. Koma katemera alipo. Katemera wa I-2, amene akatswiri a ku Australia anamukonza poganizira midzi yopanda mafiriji, amapirira kutentha kuposa akatemera ena, ndipo amangodontheza kadontho kamodzi m'diso la nkhuku, kaya ndi mwanapiye kaya ndi tambala. Kuno ku Mozambique amapangidwa ku Maputo, ndipo amaperekedwa katatu pa chaka, mu Malichi, Julayi ndi Novembala, kudzera mwa otemera a m'midzi. Ndalama yotemera nkhuku imodzi sifika pa mtengo wa dzira limodzi. Chofunika n'chakuti mudzi wonse utemere pamodzi, ndiponso nkhuku zisanayambe kudwala. Kutemera zodwala kale ndiko kumachititsa anthu kunena kuti katemera ndiye wapha nkhuku zawo. Nkhuku zikaleka kufa, mazira amayamba kutsala okha, ndipo sipakhalanso chifukwa choopsezera mwana.

Ndiye inu anzanga a ku Chifunde, ku Nsadzu ndi ku Mualadzi, ndi inu a tsidya la malire ku Katete, ku Chadiza ndi ku Mchinji, pempho langa ndi ili. Thadzi likayamba kufungatira, lisiyireni mazira 8 kapena 10 atsopano, muwalembe ndi khala kuti muziwazindikira, otsalawo alowe kukhitchini. Ambiri apite m'phala la ana ndi m'mbale ya mayi woyembekezera, ndipo tsiku la chisangalalo patulaniko ochepa mupukuse thovu la pa zipatso, akuluakulu a pakhomo ayambe kulawa ndiwo. Msuku mukaupeza m'munda mwanu, ulekeni. Ndipo musadikire kuti chitopa chilowe m'mudzi. Pitani kwa a mfumu kapena kwa mlangizi wa zaulimi mukafunse tsiku limene wotemera adzafike, ndipo m'mawa wa tsikulo nkhuku musazitsegulire m'khola mpaka atafika.